Chikhothi Chopita ku Riga

Peterhead, Scotland, 21 Okutobala 2007

Wokondedwa Biruta,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira uli bwino ndipo bondo lija lakusiya. Ine ndili bwino, kungoti ndikununkha nsomba mpaka m'makutu. Ndikaweruka amphaka a mumsewu wathu amachita kundiperekeza.

Kalatayi ndapatsira Kestutis, mkulu wa ku Lithuania amene amayendetsa minibasi ya katundu pakati pa kuno ndi kwathu ku Latvia. Akupatsanso mapaundi 250. Gula nkhuni zisanakwere mtengo, zotsalazo usunge za denga. Ukamamupatsa buledi wakuda woti andibweretsere umukulunge bwino, munthuyo ali ndi mphuno. Buledi wa kuno ndi thonje lenileni, ukhoza kumufinya n'kulowa m'thumba la malaya.

Ntchito andisintha. Sindikudulanso nsomba, tsopano ndimatsuka makina ndi paipi ya mankhwala anzanga akaweruka. Malipiro ake ndi okwererako pang'ono. Mankhwalawo amaluma m'maso ndi pakhosi, koma akuti munthu amazolowera.

Chipinda ndikugawana ndi Urmas, wa ku Estonia. Ukamufunsa funso Lolemba, yankho limabwera Lachitatu. Kestutis akakhala kuno amagona pansi pakati pathu, ndipo dzina langa salidziwa, amangoti, "Iwe mutu wa hatchi, tandipatsa mchere." Ine ndimamuuza kuti anthu a kwawo sadziwa china koma kugulitsa magalimoto akutha. Chochititsa manyazi n'choti zonsezi timanyozana m'Chirasha, poti palibe amene amamva chinenero cha mnzake. Tonse atatu tinaima pamsewu mu 1989, titagwirana manja kuchokera ku Tallinn ku Estonia mpaka ku Vilnius ku Lithuania kuti a ku Moscow atisiye. Lero taima pa sinki imodzi, kupemphana sopo m'chinenero chawo. Eni dziko kuno alibe nazo ntchito, kwa iwo tonse ndife a ku Poland.

Tsono nkhani yeniyeni. Ukapita kokayeseza ndi ma alto anzako, uwauze otsogolera athu, Mayi Skujina, kuti malo anga m'kwaya asapatse munthu. Ndikudziwa kuti besi watsala ndi nkhalamba Alberts yekha, amene amagona nyimbo ili mkati. Mapepala a nyimbo zonse za Chikondwerero cha makwaya a dziko lonse ndili nawo, ndimayeseza kuseri kwa fakitale komwe kulibe wondimva koma mbalame. Mu Epulo ndibwera kudzaima pamaso pa oweruza makwaya, ndipo mu Julaye tikaimba ku Riga. Chikondwererochi chimabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo chichokere ku usilikali sindinaphonyepo. Sindingayambe lero chifukwa cha nsomba.

Chikhothi cha malemu bambo uchitulutse m'bokosi chiwombedwe mphepo, kenako uikemo masamba a fodya atsopano. Njenjete zikachilawa ndiye kuti ndathera pomwepo, poti ukudziwa kuti wopanda chovala cha makolo salowa pamzere wa oimba.

Ndine mwamuna wako,
Ilgvars


Peterhead, 2 Disembala 2007

Biruta,

Moni. Ndasangalala kumva kuti uli bwino ndi kuti mbatata zonse zinalowa m'nyumba chisanu chisanazigwire. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kagwira aliyense kuno. Mphepo ya m'nyanja ino sikulambalala, imadutsa mwa iwe.

Buledi wafika wodulidwa kumapeto. Kestutis akuti ndi mbewa za m'sitima. Ndinamufunsa kuti, "Mbewa zakozo zimayenda ndi mpeni?" Anangoseka, n'kuti, "Mutu wa hatchi, uthokoze kuti mbewazo sizikonda uchi." Uchiwo wafikadi wonse, ndikumwa ndi madzi otentha.

Koma za m'kalata yako zija zandikhalitsa pansi. Zoti Tolya wakuwazira nkhuni, chabwino, umupatse kangachepe. Koma zoti Mayi Skujina anamumva akuimba powaza nkhunizo n'kumuitanira ku kwaya? Tolya yemweyu, Anatolijs wa kuseri kwa mpanda? Ndinavula magalasi n'kuwapukuta, ndimati mwina andinamiza.

Sindikukana kuti mawu ali nawo, akaitana ng'ombe yake mawindo athu amanjenjemera. Koma nyimbo zimenezi si za pakhosi pokha. Asilikali a ku Moscow atakweza agogo ndi bambo m'sitima ya ng'ombe kupita nawo ku Siberia mu 1949, makolo a Tolya, anthu olankhula Chirasha, ndi amene anabwera kuchokera ku Pskov n'kupatsidwa nyumba yathu, mbale zikadali patebulo. Tolyayo anabadwira m'chipinda cha agogo anga. Bambo atabwerako anamanga kanyumba kathuka pamene panali khola. Dziko litamasuka anawabwezera minda, koma nyumba anakana kuitenga, anati sangatulutse anthu panja monga anachitiridwa iwo. Ine ndikanaitenga, ndipo ukudziwa zimenezo.

Unena kuti Tolya alibe mlandu, anali asanabadwe. Ndikudziwa. Unenanso kuti mu 1991 anayendetsa thirakitala ya mitengo mpaka ku Riga kukatseka misewu pamodzi nafe kuti asilikali a ku Moscow asadutse, chonsecho mpaka lero pasipoti yake imati si nzika. Ndikudziwanso. Koma ndikamuganizira ataima pamalo anga, pakati pa Alberts ndi windo, mtima umandiwira.

Aime kumbuyo, azigwedeza Alberts kuti asagone, mpaka ine nditabwera. Ndatumiza mapaundi 200. Khirisimasi sindibwera, tikiti yakwera kuwirikiza ndipo nyengo ino nsomba zachuluka. Ukayatse kandulo pamanda a bambo m'malo mwanga.

Ilgvars


Peterhead, 10 Febuluwale 2008

Wokondedwa Biruta,

Moni, mayi. Ndamva kuti chipale chofewa chafika m'mawondo ndipo denga lapirira. Valira bondo lija. Ine ndilipo, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Usakwiye kuti sindikulankhula nawe pa foni masiku ano. Makhadi ake akwera mtengo, komanso m'nyumba muno mumakhala phokoso la anthu a mitundu inayi kukanganirana mphika umodzi. Kulemba kuli bwino, palibe wokudula pakamwa. Wafunsa chifukwa chimene mawu anga anali osasa pa Chaka Chatsopano. Chinali chimfine, kuphatikiza mowa wa Kestutis umene ukhoza kuyendetsa minibasi yake.

Chimene chikundivuta n'kukhala pansi. Ndikaweruka ndimayenda mpaka ku doko, kubwerera, kupitanso. Ena akuti ku Norway amalipira bwino. Lero ndimalongedza chikwama kuti ndipite kumeneko, mawa ndimalongedza kuti ndibwere kwathu, mkuja ndimamasula zonse n'kupita kuntchito. Zophimba kukamwa anatipatsa, koma munthu sungapume nazo uku ukukoka paipi, ndiye nthawi zambiri zimakhala m'thumba.

Ndikuuze choseketsa. Lamulungu lapitali ndinkayeseza nyimbo yotsika kwambiri ija, Urmas atakhala pabedi pake akusoka sokosi. Ndili pakati mawu anangothawa, ngati munthu waponda sitepe pamene palibe. Ndinayambiranso, chimodzimodzi. Urmas anandiyang'ana mpaka ndinatopa naye, kenako anati, "Ilgvars, chimenecho si chimfine."

Ndinati, "Udokotala wauyamba liti iwe?"

Iye anadula ulusi ndi mano, n'kuti, "Chimfine chimatha."

Kwa munthu wa ku Estonia umenewo ndi ulaliki wathunthu. Usade nkhawa, ndi chinyezi cha kuno basi. Ukatumiza uchi wina uikemo ndi maluwa ouma a tiyi aja.

Wati Tolya amabwera ndi mapepala kuti umuwongole katchulidwe. Umuuze kuti mawu okoka asamawadule ngati akuwaza nkhuni. Ndipo m'nyimbo yachitatu besi salowa pamodzi ndi ena, amadikira akazi amalize mzere wawo. Aliyense watsopano amagwa pamenepo. Sikuti ndikumuthandiza ayi, ndikungoopa kuti angachititse kwaya manyazi. Tiyi umupatse, koma m'kapu yanga ayi.

Mwezi uno ndatumiza 150 yokha, masiku ena sindinapite kuntchito. Ng'ombe ikabereka, mwanayo usagulitse msanga, dikira mitengo ya mu Meyi.

Wako,
Ilgvars


Peterhead, 30 Malichi 2008

Biruta,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndili choncho.

Ndiyambe ndi zimene ukuyembekezera. Mu Epulo sindibwera. Kapitawo wakana tchuthi, komanso andipatsa tsiku loti ndikaonane ndi dokotala wa pakhosi ku tauni yaikulu. Ndi zachabechabe, kuno amangokonda kusuzumira anthu m'kamwa. Uwapepese Mayi Skujina, uwauze kuti dzina langa asalifute. Pamaso pa oweruza aime Alberts ndi Tolya, ine ndidzakupezani ku Riga.

Tsopano zinazo. Wati Mayi Skujina akuopa kuti mwina sindibwera, ndiye akufuna Tolya akhale wokonzeka. Wati chovala chimene Tolya wabwereka cha mu Epulo eni ake achifunanso mu Julaye, woluka nsalu wa ku Gulbene ali ndi ntchito mpaka chaka chithe, ndipo m'dera lonse mulibe chikhothi chokwana mapewa a Tolya koma chathu. Ndamva zonsezo. Yankho langa ndi ayi.

Ayi, Biruta. Agogo anachiluka ndi ubweya wa nkhosa zawo. Bambo anachivala ku Chikondwerero cha 1948 ali mnyamata, ndipo atabwerako ku Siberia, mano theka atatsala komweko, anachivalanso. Ine ndachivala chiyambire pamene mapewa anga anakwana. Nyumba anatenga, malo anga pafupi ndi windo watenga, tsopano atengenso ichi? Kenako chiyani, bedi langa? Pepa, zimenezo sindimafuna kulemba, koma sindifuta, chifukwa ndakwiyadi.

Wandikumbutsa za komwe chikhothicho chinali zaka za ku Siberia. Sindinaiwale. Tisakambe zimenezo lero.

Kestutis nayenso walowerera nkhani zosamukhudza. Anandipeza ndikulemba, n'kuti, "Inu a ku Latvia mumatha kukangana ndi munthu zaka makumi asanu osatsegula pakamwa. Kwathu timamenyana Loweruka, Lamulungu tili limodzi ku tchalitchi." Ndinafuna kumuyankha mokweza, koma chimene chinatuluka sichinali choti munthu angaope, ndiye ndinangomuponyera sokosi ya Urmas.

Chikhothicho ndivala ndine mu Julaye. Uchitseke m'bokosi, kiyi uike pamene umadziwa. Ming'oma ya njuchi uyambe kuisuzumira kukafunda. Ndalama nditumiza ulendo winawo.

Ilgvars


Peterhead, 18 Meyi 2008

Wokondedwa Biruta,

Moni. Makalata ako onse atatu ndalandira, ndipo ukuyenera kundikalipira monga wachitiramo. Kestutis ndi wapakamwa. Ndinamupempha kuti asakuuze kanthu, analumbira pa manda a amayi ake, chonsecho amayi akewo ali moyo, amagulitsa kabichi ku Kaunas.

Inde, ndinali m'chipatala. Anapeza chotupa pakholingo, anachichotsa. Akuti achipeza msanga. Ndiyenera kumapitako kuti aziwotcha malowo ndi makina mpaka kumapeto kwa Julaye, ndipo akuti ndisadumphitse. Womasulira wake anali mayi wina wa ku Daugavpils, tauni ya kwathu ya olankhula Chirasha, choncho nkhani ya pakhosi panga ndinaimva m'Chirasha. Nditafunsa za mawu, dokotala anayang'ana pansi n'kunena kuti tidikire tione. Pakadali pano ndimanong'ona, ndipo Urmas akuti m'chipinda mwathu muli mtendere koyamba. Ndi iyeyo amene anandikokera kuchipatala, ndipo amandiphikira phala lopanda mchere ngati la khanda.

Usabwere. Ng'ombe, njuchi, munda, usiyira ndani? Ndipo Mayi Skujina sangataye besi ndi alto chaka chimodzi. Kuntchito akuti ndikapeza bwino andipatsa yomata mabokosi, kutali ndi paipi ija.

Ndamva kuti oweruza akulolani kupita ku Riga, ndi kuti anayamikira besi. Ndikuuze zoona, ndinasangalala ndipo zinandiwawa, zonse nthawi imodzi. Ndinatuluka panja n'kuyenda mpaka ku doko, namwino atandiletsa kuyenda mumphepo. Sindikudziwa kuti ndidziike pati, Biruta. M'nyumba mumandipanikiza, panja pamandizizira.

Za chikhothi usandifunse pano. Ndatopa.

Wako,
Ilgvars


Peterhead, 25 Juni 2008

Wokondedwa Biruta,

Moni, mayi wanga. Ndikhulupirira phwando la Jani, la usiku waufupi kwambiri pachaka, linayenda bwino kumeneko ndipo mvula inagwa monga imachitira chaka chilichonse. Ine ndili bwinoko. Pakhosi pakupsa, koma phala likudutsa.

Tchizi chako chinafika chathunthu, mbewa za Kestutis zayamba manyazi. Masamba a thundu unakulunga m'nyuzipepala yonyowa aja anafikanso ali obiriwira. Azimayi a kwathu a ku fakitale analuka nkhata, ndipo titaweruka tinapita kumchenga, dzuwa likadali m'mwamba. Moto wathu unali wa m'chidebe chodula, woti kwathu angatiseke nawo mpaka kugwa. Eni dziko ankadutsa ndi agalu awo n'kumatiyang'ana, amuna akuluakulu atavala masamba kumutu.

Kenako azimayiwo anayamba imodzi mwa nyimbo za Chikondwerero, yachitatu ija. Ndinaiwala, Biruta. Anamaliza mzere wawo, ine ndinakoka mpweya monga ndachitira moyo wanga wonse, ndinatsegula pakamwa, ndipo panatuluka mphepo yokha. Ndinalira pamaso pa anthu, sindikubisa.

Ndiye ndinamva kumbali kwanga wina akung'ung'udza pansipansi. Urmas. Munthu wakhala akundimva ndikuyeseza nyengo yonse yozizira, osanena kanthu, koma mzere wa besi wonse anausunga. Chilativiya chake ankachiswa ngati mbale, ndipo ankachedwa monga mwa mtundu wake, moti ndinachita kumamumenya paphewa kuti ayendere limodzi ndi ena. Itatha ndinamunong'oneza kuti, "Walakwitsa mawu onse."

Anati, "Ndikudziwa. Koma pakanakhala bowo."

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza za Mayi Nyura, amayi ake a Tolya. Unandikumbutsa mu Malichi ndipo ndinakutseka pakamwa. Chikhothi chija chinatsala m'nyumba pamene asilikali ankatulutsa anthu, ndipo iwo anachipeza pakhomo la chipinda. Zaka zimenezo anthu ankasoka mabuluku ndi masaka. Akanatha kuchidula n'kuveka ana awo onse, palibe akanawafunsa. Koma anachipinda, n'kuchiika m'bokosi ndi masamba a fodya. Bambo atabwerako mu 1957, mayiwo anadutsa pabwalo atachinyamula m'manja awiri. Iwo sankadziwa liwu la Chilativiya, bambo Chirasha ankachidziwa bwino koma analumbira kuti sadzachilankhulanso. Choncho anapatsirana pampanda osanena kanthu. Fodya amene ndimakuvutitsa naye chaka ndi chaka uja, tinaphunzira kwa iwo.

Tsegula bokosi. Kiyi ukudziwa pamene ali.

Koma mvera bwino. M'mapewa chimukwana Tolya, pamimba ndiye ndikukayika, ndiye usunthe mabatani, usadule kanthu. Malaya oyera avale ake, anga amutsamwitsa. Lamba amange mfundo kumanzere monga ankamangira bambo, osati kutsogolo ngati thumba la mbatata. Amete ndevu. Poyenda pamzere mumsewu asakweze manja ngati ali pa perete wa asilikali, angoyenda ngati munthu. M'thumba la kumanja muli kampango ka amayi, asakatulutse, ndipo asaminiremo. Mvula ikagwa achiphimbe ndi pepala la pulasitiki, iye anyowe.

Asandithokoze, ndipo asabwere ndi botolo ndikadzafika. Za nyumba ija sindinaiwale, sitinasanduke pachibale. Umuuze kuti chikhothicho ndabwereketsa kwaya, osati iye. Ngati afunsa zambiri, umuuze kuti amayi ake ankadziwa kusunga nsalu.

Ndatumiza mapaundi 100, ugule nsapato zofewa chifukwa cha bondo, kumeneko mudzaima tsiku lonse. Denga lidikire, lapirira kale zambiri.

Chomaliza. Ndagula makhadi a foni okwanira. Tsiku lomaliza lija, makwaya onse akamakwera pamalo oimbira, foni yako umupatse Tolya aiike m'thumba la mkati, la pachifuwa. Iwe ndiye uli kutali ndi ma alto, ndipo ine ndikufuna kumvera pamalo anga, pakati pa mabesi. Akaimva ikunjenjemera adine batani lobiriwira, aibwezere m'thumba, aziimba. Asanene kuti halo, asafunse ngati ndilipo. Kudzakhala zii, koma asadule, ndidzakhala ndilipo.

Ndipo umuchenjeze kuti akalowa msanga m'nyimbo yachitatu ija, ndidzamva.

Ndine mwamuna wako,
Ilgvars